Colinga tili naco, nanga kabuku kali kuti?

Mu Lusaka simudzapeza munthu wosowa colinga. Funsani aliyense amene mwapanikizana naye pa mpando wa anthu atatu umene mwakhalapo anai, adzakuuzani. Kondakitala afuna kukhala dilaiva. Dilaiva afuna Hiace yakeyake. Amai amene anyamula thumba la ndiwo pa miyendo afuna shopu ya citseko ndi loko, acoke pa thebulo la m'mbali mwa mseu. Mnyamata wa mu ka booth afuna ma booth khumi, iye azingozungulila madzulo kutenga ndalama. Mu January zolinga zimenezi zimatuluka monga inswa mvula ikagwa. Timazilengeza ku chalichi usiku wa crossover, timaziika pa status ya WhatsApp, ena amacita kuzilemba ndi penti kumbuyo kwa basi. Koma welengani tuntemba tumene tunatsegulidwa mu komboni mwanu kuciyambi kwa caka, muone tungati tukali kugulitsa pofika nyengo yozizila.

Pa nchito yanga ya utolankhani ndimayenda kwambili m'misika, ndipo ndili ndi funso limene ndimakonda kufunsa amalonda: "Dzulo munagulitsa zingati, ndipo pa ndalamazo zanuzanu zinali zingati?" Mbali yoyamba amayankha msanga. Mbali yaciwili ambili amayamba aseka. "Ah, mwana wanga, ndalama ni ndalama cabe. Ngati bana badya, ninshi yayenda bwino." Sindiwaseka, cifukwa kudyetsa ana mu tauni muno si maseŵela. Koma pa yankho limeneli ndi pamene pamafela mabizinesi ambili ang'onoang'ono.

Pali zinthu zitatu zimene timaziphatikiza monga ndi cimodzi. Colinga ndi kumene mufuna kukafika. Dongosolo ndi mmene malonda anu ayendela: ndalama ikalowa ipita kuti, aigwila ndani, katundu aodedwa liti, nkhongole ipatsidwa kwa ndani ndipo mpaka zingati. Cizolowezi ndi zimene manja anu amacita tsiku ndi tsiku popanda wokukumbutsani. Aja okamba za cilimbikitso pa Facebook amakonda kuchula buku la James Clear lochedwa Atomic Habits, limene linatuluka mu 2018, pofotokoza zimenezi. Koma sitifunika kupita ku America. Basi imene mwakwelayi ili nazo zonse zitatu.

Mwini basi colinga cake n'cakuti agule yaciwili. Dongosolo lake ndi kashing'i: anagwilizana ndi ba driver kuti tsiku lililonse azibweletsa ndalama yakutiyakuti, mafuta agule okha, kondakitala amulipile okha, zotsala ndiye zawo. Mwini basi akhoza kukhala ali ku ofesi, ali ku malilo ku Petauke, kapena ali gone, ndalama ibwela ndithu. Safunika kupemphelela kuti dilaiva auke ndi mtima wa nchito. Dongosolo ndiye limamudzutsa 04 koloko, n'kumuonetsa oilo ndi madzi asanalize injini, n'kumuthamangitsa kuti akapeze malo pa mzele ku Kulima Tower kapena ku Lumumba anzake asanafike. Onani mmene kondakitala amapindila ndalama pakati pa zala, ma K20 paokha, uku awelenga mitu, uku akumbukila amene sanamupatse cenji. Sanapite ku semina iliyonse. Anabweleza cinthu cimodzi kambilimbili mpaka zala zinaphunzila zokha.

Manje apa ndiye pali phunzilo limene okamba za cilimbikitso salikamba. Kashing'i imodzimodziyo ndiyo imabala zizolowezi zimene timadandaula nazo m'mawa uliwonse. Cifukwa ciani basi imathamanga monga yaba? Cifukwa ciani imaima pakati pa mseu kutola munthu mmodzi? Cifukwa ciani mwalipila ya ku tauni koma pa theka la njila mumva kuti, "Yathela pano, kwelani ija ili kutsogolo"? Si kuti madilaiva onse anabadwa oipa mtima. Munthu amene adziwa kuti sadzaona ngwee yake mpaka atakwanitsa ya abwana ndi ya mafuta, ndipo mtengo wa mafutawo a ERB amaulengeza mwatsopano mwezi ndi mwezi, adzacita ciliconse cimene cibweletsa tilipi ina. Mukhoza kumulalikila za kuyendetsa bwino mpaka mau atha, mawa adzacita cimodzimodzi. Zizolowezi zimamela pa dongosolo monga bowa pa culu. Conco inu amene mumadzikalipila usiku uliwonse kuti "kuyambila mailo nizasintha, sinizagwila ndalama ya bizinesi", koma ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo zikali kugona m'thumba limodzi, mudzadzikalipila mpaka December.

Eni mabasi nawonso amagwa pa mbuna yomweyi. Kashing'i ikabwela madzulo imaoneka monga phindu lokhalokha. Koma m'kati mwake muli matayala amene akutha, muli sevisi, muli inshuwalansi, muli road tax ndi fitness ya ku RTSA, muli injini imene tsiku lina idzanoka popanda kutsazika. Amene amadya kashing'i yonse mumawadziwa ndi cizindikilo cimodzi: basi yakhala pa miyala pa yadi, nkhuku zigona m'kati, iwo akali kukamba kuti caka cino agula yaciwili.

Tiyeni titsike pa thebulo la mazila, cifukwa pamenepo masamu ake aoneka bwino. Tinene kuti tileyi ya mazila 30 mwaoda pa K70, ndipo dzila limodzi mugulitsa K3. Mukagulitsa onse mupeza K90, phindu K20. Matileyi asanu pa tsiku, madzulo mu citenje muli K450. Ndalama yooneka bwino, ndipo mtima umauza munthu kuti lelo kuli nkhuku. Koma pa K450 imeneyo, K350 ndi ya kukaoda mawa. Yanu ndi K100 cabe, ndipo ngakhale iyo sinakwane, cifukwa simunacotsepo ya basi yopita ku Soweto ndi kubwela, ya tumapulasitiki, ndi ya pa msika. Tsopano pa tileyi imodzi pasweke mazila awili, anai apite ku nyumba kuti ana adye ndi buledi. Pa tileyi imeneyo K20 yanu yatsala K2. Palibe wakubelani, palibe wakulodzani. Mwagulitsa bwino tsiku lonse, makasitomala anabwela, koma pakapita milungu itatu mupeza kuti mungaode matileyi atatu cabe, kenaka awili, kenaka muyamba kufunsa amene abweleketsa kaloba.

Mankhwala ake ndi ochipa mocititsa manyazi: kabuku ka ana a sukulu ndi bolopeni. Madzulo alionse mulembe manambala anai. Zimene ndinaoda. Zimene ndagulitsa. Zimene zapita pa nkhongole. Zimene zapita ku nyumba, kuphatikizapo dzila limene mwana watenga. Kabukuko ndiye dongosolo, kukalemba tsiku lililonse ngakhale mwalema ndiye cizolowezi. Cimodzi popanda cinzake sicigwila nchito. Ndaona mabuku okongola amene analembedwa masiku anai a January, masamba otsala ana anang'amba kupangila ndeke. Ndaonanso anthu olimbika koopsa, ofika pa msika kukali mdima tsiku lililonse kwa zaka khumi, koma sadziwa ngati tomato ndiye awadyetsa kapena ndi kapenta, cifukwa zonse zimagwela m'mbale imodzi.

Nkhani ya nkhongole ndiyo yovuta kwambili, ndipo pano ndifuna tikambe zoona. Amene amatenga pa nkhongole si mlendo. Ndi neba amene anakusungilani mwana pamene munali ku cipatala. Ndi alamu anu. Ndi amai a ku chalichi amene akuti, "Nipatsenikoni ka pamela na saladi, nizabweza pa month end." Kukana kumawawa, ndipo cikwangwani cakuti "nkhongole mawa" cimaseketsa cabe, sicinaletsepo munthu. Ena amalangiza kuti wamalonda asakhale ndi cibale. Ine sindigwilizana nazo. Mu komboni abale ndi maneba ndiwo inshuwalansi yathu, tsiku la malilo ndiwo amabwela ndi nkhuni ndi unga. Cimene cifunika ndi kuwaika m'dongosolo. Ikani malile: nkhongole zonse pamodzi zisapitilile ndalama yakuti, ndipo amene sanabweze yakale sangatenge yatsopano. Dzilipileni malipilo, ngakhale K30 pa tsiku, ndipo thandizo lonse la abale licoke pa malipilowo, osati pa kapito. Mukatelo, yankho lanu limasintha. Simunena kuti "sinifuna", munena kuti "yanga yasila, iyi ni ya oda". Anthu amamvetsa mau amenewo kuposa mmene tiganizila, makamaka akaona kuti mumauza aliyense cimodzimodzi.

Amai athu m'misika anazindikila kalekale kuti mtima wa munthu suukhulupilika pa ndalama, ndiye cifukwa cake kuli cilimba. Cilimba sicibala phindu. Anthu khumi oponya K50 aliyense tsiku lililonse, amene yamugwela atenga K500, ndipo pakutha pa masiku khumi aliyense walandila ndalama yomwe anaponya. Nanga ubwino wake uli pati? Uli pa maso a anzanu. Kusunga K50 wekha pansi pa matilesi kumafuna mphamvu tsiku lililonse, koma kuponya cilimba kumafuna cabe kuopa manyazi pamene wosonkhetsa waima pa thebulo lanu. Mwabweleka cizolowezi kwa gulu. Village banking inawonjezelapo ciwongoladzanja ndi share-out ya mu December, ndipo yathandiza ambili. Koma nayonso, monga kashing'i, imabala zizolowezi zake. Gulu limene limakakamiza membala aliyense kubweleka mwezi uliwonse, kaya ali ndi pogwilitsila nchito ndalamayo kaya alibe, likuphunzitsa anthu nkhongole. Mapeto ake munthu ali m'magulu atatu, abweleka uku kuti abweze uko, ndipo pamene zathina athamangila kaloba, kumene kutenga K1,000 n'kubweza K1,500 pakutha pa mwezi si nkhani yacilendo. Palibe mazila amene angabale phindu lotelo.

Kodi ndiye kuti colinga cilibe nchito? Cili nayo, koma ndi yaing'ono kuposa mmene timaikwezela. Nchito yake ndi kupima dongosolo. Tinene kuti ba driver afuna basi ya K300,000, ndipo asunga K100 tsiku lililonse, masiku 6 pa mlungu. Pa caka ndi K31,200. Kuti afike pa K300,000 pafunika zaka zopitilila 9, ndipo mtengo wa basi sudzakhala pansi kuwayembekeza. Masamu amenewa si oti awafooketse. Awauza kuti njila imene alimo siifika kumene afuna, conco asankhe: agwilizane ndi mnzawo agule pamodzi, ayambe ndi galimoto yaing'ono, apeze mwini basi wovomela kuti azilipila pang'onopang'ono mpaka ikhale yawo, kapena awonjezele zosunga. Colinga cimene cilibe mtengo ndi tsiku sicingakuuzeni zimenezi. Cimangokusangalatsani pokamba.

Ndipo kumbukilani kuti colinga canu ndi cimodzimodzi ndi ca mnzanu wa pafupi. Yendani mu tauni muone ma booth a Airtel Money ndi MTN atandandama khumi pa mzele umodzi, penti imodzi, mitengo imodzi. Onse afuna kukula. Kasitomala sasankha booth cifukwa ca maloto a mwini wake. Amabwelela kumene anapeza kotsegula 06 koloko pamene anali kuthamangila basi, kumene sanamve kuti "float yasila" pa tsiku la malipilo, kumene mtsikana amawelenga ndalama kawili ndi kuchula dzina lotuluka pa foni asanatumize. Kukhala ndi float pa month end si mwai. Ndi munthu amene anayang'ana m'buku lake, anaona masiku amene anthu amatapa kwambili, n'kukonzekela. Ngakhale nyuzipepala imene muwelengayi imatuluka tsiku lililonse cifukwa pali ola limene nkhani ifunika kukhala pa desiki la mkonzi, kaya mtolankhani ali ndi mzimu wolemba kaya alibe. Tikanati tiziyembekeza mzimu, mukanawelenga kamodzi pa mwezi.

Pano ndisiyane pang'ono ndi aja ovala masuti amene amalipilitsa K200 pa khomo kuti akuuzeni kuti umphawi uli m'mutu mwanu. Kuuka m'mamawa sikubweletsa malaiti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, madela ambili anali kuona magetsi maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ometa tsitsi, a ma saluni, owochelela zitsulo ku Kalingalinga ndi ku Garden, ogulitsa nyama ndi ma ice block, onsewa sanasowe khama. Mu July 2017 moto unanyeketsa City Market, ndipo anthu amene anasunga katundu kwa zaka anauka m'mawa alibe kanthu. Mu January 2018, pa nthawi ya kolela, ogulitsa m'miseu ya mu tauni anacotsedwa, malonda n'kuima. Kuuza anthu otele kuti vuto ndi maganizo awo ndi cipongwe.

Koma ngakhale pa mavuto amenewa, amene ndinakamba nawo sanagwe mofanana. Wometa amene anali kupatula kandalama ka pa ngozi anagula makina ochaja, anapitiliza kumeta pamene anzake anakhala panja kuseŵela nsolo. Ena owochelela anasonkhelana genset imodzi, ena anasintha maola n'kumagwila nchito usiku pamene malaiti abwela. Amene ndalama zake zina zinali mu foni kapena ku banki, osati zonse mu katundu wa pa sitandi imodzi, anali ndi poyambila. Dongosolo labwino limayamba ndi kuvomeleza kuti mu Zambia muno cinacake cidzavuta caka cino, kaya ndi malaiti, kaya ndi dola, kaya ndi malilo awili mwezi umodzi. Siliyembekeza kuti zinthu zikhale bwino kuti ligwile nchito.

Nkhaniyi si ya amalonda okha, ndi ya boma lomwe. Mu April 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA amene anasonkha kwa miyezi 60, kapena amene afika zaka 45, kutengako 20 pelesenti ya ndalama zawo kamodzi. Mizele tinaiona, ndipo ambili mwa amene anaimapo anali kukamba za bizinesi: nkhuku, salaula, ka grocery, ulendo wa ku Nakonde kukaoda. Ndalama imeneyo inacoka pa ukalamba wawo ndipo siitengedwa kawili. Amene mwa inu anatenga, dzifunseni mwakacetecete ngati mungaloze pamene ili lelo. CDF nayo inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ndipo mbali ina imapita ku ma grant ndi nkhongole za acinyamata, azimai ndi makopaletivu. Ndi cinthu cabwino kuti ndalama ifike ku komboni. Koma onani zimene timafunsa munthu asanalandile: satifiketi ya gulu, akaunti ya ku banki, ndi pepala lofotokoza zimene afuna kucita. Pepala limenelo ndi colinga cabe, ndipo tonse tidziwa kuti pali anyamata a pa intaneti cafe amene amalilemba pa mtengo, kusintha dzina lokha. Kopaletivu imene inabadwa mlungu umene mafomu anatuluka, ya anthu khumi amene sanagulitsepo limodzi ngakhale mtolo wa lepu, ipatsidwa ndalama zambili kuposa zimene aliyense wa iwo anagwilapo. Ikalephela kubweza timadabwa, n'kuyamba kunena kuti acinyamata a masiku ano ndi aulesi.

Pempho langa kwa makomiti a m'mawadi ndi makhansala ndi ili. Pambali pa pepala la maloto, funsani kabuku. Munthu abwele ndi zolemba za miyezi itatu za malonda amene acita kale, ngakhale ndi vitumbuwa kapena malasha, zoonetsa zimene anaoda, zimene anagulitsa ndi zimene anadya. Gulu lionetse buku la cilimba cake kapena la village banking, tione ngati anthuwa anasungilanapo ndalama popanda kumenyana. Ndalama ituluke m'zigawo, gawo laciwili libwele pamene wina wapita kukaona buku ndi katundu. Ndipo maphunzilo amene amapelekedwa asakhale a tsiku limodzi mu holo, a fanta ndi ma scone ndi zithunzi. Mu msika uliwonse, ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere, muli amai amene agulitsa zaka makumi awili, aphunzitsa ana mpaka ku koleji ndi thebulo limodzi. Alipileni iwo kuti azikhala ndi olandila nkhongole ola limodzi pa mlungu kwa miyezi itatu yoyamba, buku lili pa thebulo, awelengele pamodzi.